Kamera pa Chifuwa cha Wapolisi: Mbiri ya Kuyeza Phindu la Thandizo



Ambiri a inu munaperekezapo amai anu ku sikelo ya ana ku chipatala cha Kanyama, cha Chawama kapena cha Mtendere. Munaona namwino akupachika khanda pa sikelo, nawerenga kulemera kwake, nalemba kadontho pa kadi. Mwezi wotsatira amalembanso kadontho kena, kufikira timadonthoto titapanga mzere. Namwino uja sataya nthawi kufunsa kuti mapaketi a ufa wa phala agulidwa angati, pakuti ufa ungathe kugulidwa koma osaphikidwa, ndipo phala lingathe kuphikidwa koma mwana osalidya. Chimene iye amafuna kudziwa ndi ichi: kodi mwanayo akukula?

Lero tikamba mbiri ya kachipangizo kakang'ono, kosaposa sopo wosambira kukula kwake. Ndiko kamera imene apolisi a maiko ena amavala pachifuwa pa yunifomu, yojambula zithunzi za kanema pamodzi ndi mau a zonse zochitika pamene wapolisi akumana ndi munthu. Boma la Amereka linapereka ndalama zambiri zothandizira mizinda yake kugula makamera otere. Pambuyo pake panabuka funso la namwino lija: makamera agulidwa, koma kodi chasintha nchiyani? Tiona m'mene anthu anayesera kuyankha funso limeneli. Tionanso kuti makomboni athu a Lusaka anakumana nalo funso lomweli zaka zambiri Amereka asanagule kamera yoyamba.

Makomboni ndi apolisi

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhani imeneyi ikutikhudza ife. Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, pamene boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone. Anthu amene anajambula mapu a mzindawu anaganizira nyumba za Azungu ndi maofesi a boma, koma munthu wakuda anamuyesa mlendo wodzagwira ntchito, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha. Mwamuna aliyense anayenera kuyenda ndi chitupa, ndipo wopezeka wopanda chitupa ankamangidwa. Boma linamanga Matero kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma nyumba zake zinali zochepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu. Motero ena anapempha malo pa mafamu a Azungu ozungulira mzinda, namangapo nyumba za zidina. Chawama inayamba motero, ndipo kale inkatchedwa Roberts. George nayonso inayamba motero.

Kwa anthu a m'malo amenewa wapolisi anali munthu wofika mbandakucha kudzafunsa chitupa, kudzataya mowa wophikidwa popanda chilolezo, kapena kudzaperekeza ogumula nyumba. Zitupa zija anthu anaziotcha mu 1961 pa nthawi ya Cha Cha Cha, ndipo ufulu unadza pa 24 Okutobala 1964. Pamenepo anthu anakhamukira ku Lusaka. Mu 1963 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 123,000, koma pofika 1969 anali ataposa 260,000. Mtendere inatsegulidwa mu 1967, komabe makomboni akale anapitirira kukula.

Ngakhale apolisi tsopano anali ana a dziko lino, mantha akale sanathe msanga. Mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwera kuwirikiza, chipolowe chinayambira pa Yunivesite ya Zambia nkufalikira ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku makomboni ena, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, boma linaletsa malonda a m'misewu ndi kuyenda usiku ku Kanyama, ndipo anthu analimbana ndi apolisi. Pa zochitika zotere, ngakhalenso pa kamkangano kakang'ono ka pamsika, pamatsala nkhani ziwiri: wapolisi amanena zake, mwini komboni amanenanso zake. Woweruza sanalipo. Akhulupirire yani?

Dziko lathu linayesa kukonza zimenezi. Pakati pa zaka za m'ma 1990 apolisi anatsegula nthambi ya Victim Support Unit yothandiza amai, ana ndi okalamba ozunzidwa. Lamulo la 1999 linakhazikitsa bungwe la Police Public Complaints Authority lomva madandaulo a anthu pa apolisi, ndipo mu 2016 bungwelo linalowedwa m'malo ndi Police Public Complaints Commission. Koma bungwe lomva madandaulo limafuna umboni. Apa ndi pamene anthu a maiko ambiri anaganiza kuti kamera ingakhale mboni yosaopa munthu ndi yosaiwala. Ingateteze munthu wamba kwa wapolisi wankhanza, ingatetezenso wapolisi wolungama kwa munthu womunamizira. Ena a inu makolo anu ndi apolisi, ndipo mukudziwa kuti nawonso amanamiziridwa.

Kuyesa kwa ku Rialto

Apolisi a ku Britain anayesa makamera ovala mu mzinda wa Plymouth cha m'ma 2006. Koma kuyesa kumene kunatchuka pa dziko lonse kunachitikira ku Rialto, mzinda wa anthu pafupifupi 100,000 m'chigawo cha California ku Amereka. Mkulu wa apolisi a kumeneko, Tony Farrar, anagwirizana ndi akatswiri a Yunivesite ya Cambridge, Barak Ariel ndi Alex Sutherland, ndipo kuyesako kunayamba mu Febuluwale 2012 nkutha patapita miyezi 12.

Mvetsetsani njira imene anatsata, pakuti ndiyo mtima wa phunziro lathu. Mlimi wofuna kudziwa ngati feteleza wina ndi wabwino sathira munda wonse. Akathira wonse, chimanga nkubereka bwino, sangadziwe ngati wachititsa ndi feteleza kapena mvula ya chaka chimenecho. Tsono amagawa munda pawiri, nathira mbali imodzi yokha. Mvula ndi imodzi, dzuwa ndi limodzi, mbeu ndi imodzi. Kusiyana kumene kudzaoneke pokolola kudzakhala kwa feteleza. Ndiponso mlimi wanzeru sasankha yekha mbali yothira, poopa kuti mtima wake ungakondere mbali ya nthaka yachonde. Amachita maere.

Ku Rialto anachita chimodzimodzi ndi mashifiti a apolisi 54. Mashifiti onse anali 988, ndipo maere ndiwo ankanena kuti pa shifiti iyi apolisi avale makamera, pa shifiti iyo asavale. Chaka chitatha anawerenga nthawi zimene wapolisi anagwiritsa ntchito mphamvu pa munthu, monga ndodo, mankhwala othothola m'maso, galu kapena mfuti. Anapeza nthawi 25: pa mashifiti opanda kamera 17, pa mashifiti a kamera 8. Madandaulo a anthu, amene chaka cham'mbuyo anali oposa 20, anatsika kufika pa 3.

Manambala amenewa anafalitsidwa m'manyuzipepala a dziko lonse. Ochepa okha ndiwo anaima kuganizira kuti Rialto ndi mzinda umodzi waung'ono, kuti mkulu wa apolisi mwiniwake anali mmodzi wa ofufuza ndipo ankayang'anira ntchitoyo tsiku ndi tsiku, ndi kuti madandaulo 3 ndi ochepa kwambiri moti sungathe kuyerekeza nawo mbali ziwiri za munda.

Boma litsegula thumba

Pa 9 Ogasiti 2014, mu mzinda wa Ferguson m'chigawo cha Missouri, wapolisi anaombera ndi kupha mnyamata wakuda wa zaka 18, Michael Brown. Mboni zinanena zosiyana, ndipo panalibe kanema wa kuomberako. Anthu anachita zionetsero kwa masabata ambiri, ndipo banja la mnyamatayo linapempha kuti wapolisi aliyense azivala kamera. Mu Disembala chaka chomwecho Pulezidenti Barack Obama anapempha madola 75 miliyoni, ogwiritsidwa ntchito pa zaka 3, othandizira kugula makamera 50,000. Mzinda wolandira thandizo unayenera kuikapo theka la ndalama kuchokera m'thumba lake.

Mu Seputembala 2015 Unduna wa Zachilungamo wa dzikolo unagawa madola oposa 23 miliyoni kwa magulu a apolisi 73 a m'zigawo 32. Aphunzitsi, lembani pa bolodi m'mene ndalamazo zinagawidwira: madola 19.3 miliyoni ogulira makamera, 2 miliyoni ophunzitsira ndi kulangiza apolisi, ndi 1.9 miliyoni ofufuzira ngati makamerawo akusintha kanthu m'mizinda ya Miami Beach, Milwaukee ndi Phoenix. Ana awerengetse okha: pa madola 12 aliwonse, dola imodzi yokha ndiyo inapita ku sikelo. Ngakhale zinali choncho, tiyenera kuyamikira kuti sikeloyo anaikumbukira. Ndiponso gulu la apolisi lolandira thandizo linayenera kulemba malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka makamera lisanayambe kugula.

Kugula kunayenda mofulumira. Pofika 2016 pafupifupi theka la magulu a apolisi a ku Amereka linali ndi makamera. Ofesi yopereka ndalama inali ndi zambiri zolemba m'malipoti ake: makamera ogulidwa, apolisi ophunzitsidwa, malamulo olembedwa. Zonsezi nzosavuta kuwerenga, pakuti zili ndi malisiti. Koma zonsezi ndi mapaketi a ufa wa phala. Kulemera kwa mwana kunali kusanadziwike.

Sikelo yaikulu ya ku Washington

Mzinda wa Washington, likulu la dzikolo, unaganiza zoyesa mwa njira ya mlimi uja, koma pa munda waukulu. Kuyambira mu 2015 gulu la ofufuza la boma la mzindawo, lotchedwa The Lab @ DC, linachita maere pa apolisi 2,224. Pafupifupi theka analandira makamera, enawo anayamba adikira. Ofufuzawo anachita chinthu china chanzeru: asanaone zotsatira, analemba poyera mafunso amene adzafunse ndi m'mene adzawerengere mayankho ake. Anatero kuti pasadzakhale wonena kuti anasankha manambala owakomera, monga mwana amene amaponya mwala kenaka nkujambula chandamale pamene mwalawo wagwera.

Zotsatira zinatuluka mu Okutobala 2017, ndipo zinadabwitsa ambiri, apolisi ndi ofufuza omwe. Pakati pa apolisi ovala makamera ndi osavala panalibe kusiyana kooneka, kaya pa kugwiritsa ntchito mphamvu, kaya pa madandaulo a anthu. Panaperekedwa maganizo osiyanasiyana ofotokozera zimenezi. Ena anati apolisi a ku Washington anali atakonzedwa kale khalidwe m'zaka zam'mbuyo, pamene boma lalikulu linkawayang'anira. Ena anati mzindawo unali wodzaza kale ndi makamera a m'misewu ndi mafoni a anthu. Enanso anati wapolisi wopanda kamera kawirikawiri ankagwira ntchito pambali pa mnzake wovala kamera, ngati feteleza wokokoloka ndi madzi kulowa mbali ina ya munda.

Kwina zotsatira zinali zina. Ku Las Vegas kuyesa kwa maere kunaonetsa kuti madandaulo ndi kugwiritsa ntchito mphamvu zinachepa. Ku Milwaukee, umodzi wa mizinda itatu ija, madandaulo anachepa koma kugwiritsa ntchito mphamvu sikunasinthe. Nanga nchifukwa ninji chipangizo chimodzimodzi chinabala zipatso zosiyana chotere?

Mbali ina ya yankho inachokera kwa Barak Ariel uja ndi anzake mu 2016, atayesa m'magulu angapo a apolisi ku Britain ndi ku Amereka. Kumene apolisi anatsata lamulo loyatsa kamera pa kukumana kulikonse ndi munthu, kugwiritsa ntchito mphamvu kunachepa ndi 37 pa 100. Kumene wapolisi ankadzisankhira yekha nthawi yoyatsa ndi yozimitsa, kunakwera ndi 71 pa 100. Taganizani sukulu imene yalandira wailesi yatsopano, koma wailesiyo imakhala yotsekeredwa m'kabati ndipo mabatire ake anatha kale. M'buku la ofesi yopereka mawailesi sukulu imeneyo yathandizidwa. Koma ana ake sanamvepo phunziro ndi limodzi lomwe.

Mu 2019 Cynthia Lum ndi anzake a ku George Mason University anasonkhanitsa kafukufuku 70 wochitidwa pa makamera amenewa, napeza kuti zotsatira zake sizigwirizana mokwanira kuti munthu anene motsimikiza kuti kamera payokha imasintha khalidwe la wapolisi. Panaonekanso vuto limene ambiri sanaliganizire poyamba. Kusunga zithunzi za tsiku ndi tsiku m'makompyuta, ndi kulipira anthu ozisamala, kumadya ndalama chaka ndi chaka, pamene thandizo logulira kamera limabwera kamodzi. Magulu ena ang'onoang'ono a apolisi anasiya makamera awo chifukwa cha chimenechi.

Pa 25 Meyi 2020, mu mzinda wa Minneapolis, George Floyd anafa wapolisi atamupanikiza pakhosi ndi bondo. Apolisi amene analipo anali ndi makamera pachifuwa, ndipo makamerawo sanaletse imfayo. Chimene dziko linayamba kuona ndi kanema wojambulidwa pa foni ndi mtsikana wodutsa m'njira. Komabe mlandu utafika ku khoti, zithunzi za makamera a apolisi zinakhala umboni, ndipo mu Epulo 2021 wapolisi uja, Derek Chauvin, anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Apa tikuphunzira kuti kuletsa choipa ndi ntchito ina, kupereka umboni choipa chitachitika ndi ntchito inanso. Woyeza phindu ayenera kunena poyamba kuti akuyeza ntchito iti.

Mapompi a ku George ndi ku Chawama

Tsopano tibwerere kwathu. Ndinalonjeza kuti makomboni a Lusaka analidziwa kale funso la namwino. Linafika kuno chifukwa cha madzi ndi misewu, osati makamera, koma funso lake ndi lomwelo.

Mu 1972 boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linavomereza, m'ndondomeko yake yachiwiri ya chitukuko, kuti nkwanzeru kukonza makomboni kusiyana ndi kuwagumula. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola mwini nyumba wa m'komboni yovomerezedwa kulandira chikalata chokhalira pamalo pake zaka 30. Chaka chomwecho World Bank inabwereketsa dziko lino madola 20 miliyoni, ndipo Khonsolo ya Lusaka inatsegula ofesi ya Housing Project Unit yoyendetsa ntchito yokonza George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Analambula misewu, atsogoleri a m'makomboni atayenda pansi ndi akatswiri kusankha modutsa. Anaika pompi imodzi pa nyumba 25 zilizonse. Anamanga masukulu, zipatala ndi misika, nabwereketsa anthu simenti ndi malata. Mabanja amene nyumba zawo zinagwa chifukwa cha msewu anapatsidwa malo atsopano pafupi. Kanyama sinalowe nawo m'ntchito imeneyi, ndipo Kalingalinga inakonzedwa pambuyo pake ndi thandizo la West Germany.

Chimene chikutikhudza lero nchakuti pambali pa omanga panaikidwa gulu lina, la Lusaka Housing Project Evaluation Team, lolipiridwa ndi World Bank pamodzi ndi bungwe la ku Canada la International Development Research Centre. Ntchito ya gululi sinali kukumba ngalande. Linkayenda khomo ndi khomo ndi mapepala a mafunso, nkubwereranso patapita nthawi kukafunsanso. Lipoti lalikulu la zopeza zake linasindikizidwa mu 1982.

Akadawerenga mapompi ndi misewu yokha, lipotilo likadakhala la chikondwerero chokhachokha, pakuti zambiri zimene zinalonjezedwa zinamangidwadi, ndipo anthu, atadziwa kuti sadzathamangitsidwanso, anayamba kumanga nyumba za mabuloko ndi ndalama zawo. Koma mafunso aja anavumbula zina. Mabanja oposa theka anatsalira m'mbuyo pa kulipira ndalama za mwezi ndi mwezi za madzi ndi ngongole. Ena analephera chifukwa cha umphawi, pakuti mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo zinthu zinakwera mtengo. Ena anakana dala, ponena kuti sangalipirire zinyalala zosatoledwa ndi misewu yosakonzedwa. Khonsolo nayo, posalandira ndalama, inalephera kukonza zoonongeka. Patapita zaka, mapompi ambiri anauma, kotero kuti m'zaka za m'ma 1990, kolera itavuta, dziko la Japan linapereka thandizo lomangira George madzi atsopano, ndipo ulendo uno eni komboni anapatsidwa mbali pa kuyang'anira mapompi ndi kutolera ndalama.

Palinso munthu wina woyenera kumukumbukira. Ann Schlyter, katswiri wa zomangamanga wa ku Sweden, anafika ku George kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ntchito yokonza isanayambe, najambula nyumba ndi mabwalo ake ndi kulemba za mabanja okhalamo. Anabwerera ku nyumba zomwezo mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 20. Chifukwa chakuti anali ndi kadontho koyamba pa kadi, anatha kuona chimene chinasintha ndi chimene sichinasinthe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mafunso oyenera kufunsa

Mzinda wathu suli mlendo kwa makamera. Mu 2013 boma linapangana ndi kampani ya ku China ya ZTE za ntchito ya madola 210 miliyoni yoika makamera m'misewu. Panganolo linaimitsidwa chaka chomwecho, nkudzayambiranso pambuyo pake, ndipo makamerawo munawaona pa mizati m'mphambano za mzinda. Amenewo ndi maso a apolisi oyang'ana anthu. Kamera ya pachifuwa inapangidwa kuti iyang'ane mbali zonse ziwiri, munthu ndi wapolisi yemwe.

Tsono tiyerekeze kuti bungwe lina lapereka ndalama zogulira makamera a pachifuwa kwa apolisi a ku Matero kapena ku Kanyama. Mwana wa sukulu amene wamva mbiri ya lero angafunse zotani?

Choyamba angafunse ngati alemba kadontho koyamba, ndiko kuti m'mene zinthu zilili makamera asanafike: madandaulo ndi angati pa chaka, anthu ovulala pomangidwa ndi angati, milandu imatha nthawi yaitali bwanji ku khoti. Chachiwiri angafunse ngati pali mbali ya munda yoyerekezera, yosankhidwa ndi maere. Chachitatu angafunse kuti woyatsa ndi kuzimitsa kamera ndani, ndipo wozimitsa dala adzaona zotani. Chachinai angafunse kuti wosunga zithunzi ndani, ndi ngati mai wa ku George wodandaula, kapena Police Public Complaints Commission, angaloledwe kuziona. Chachisanu angafunse kuti thandizo likadzatha, adzagula mabatire ndi kulipira makompyuta ndani, makamaka pa nthawi imene magetsi akuzimazima. Funso limeneli ndi la mapompi aja.

Pali msampha wina umene ngakhale akatswiri amagwamo. Madandaulo akachepa, tingaganize kuti apolisi asintha khalidwe. Mwina nzoona. Koma mwinanso anthu atopa ndi kudandaula kosayankhidwa, kapena alibe ndalama ya minibasi yopitira ku ofesi ya m'tauni, kapena akuopa. Ndiponso madandaulo akachuluka, mwina nchifukwa chakuti anthu ayamba kukhulupirira kuti adzamvedwa. Nambala payokha siinena chifukwa chake. Nchifukwa chake woyeza weniweni amatsatira chitsanzo cha gulu lija la m'zaka za m'ma 1970: amatseka buku la mu ofesi, napita kukagogoda pa makomo. Safunsa anadya phula.

Musaganize kuti mbiri imeneyi ikutiuza kuti makamera ndi achabe, kapena kuti ntchito ya 1974 inali yolakwika. Mabanja zikwi zambiri akukhala mwamtendere pa malo awo chifukwa cha ntchito ija, ndipo pali milandu imene inaweruzidwa molungama chifukwa cha kamera. Ngakhalenso zotsatira za ku Washington sizinali kulephera, pakuti zinaphunzitsa mizinda ina kuti isayembekezere kachipangizo kugwira ntchito ya malamulo, ya akuluakulu oyang'anira ndi ya makhoti. Kulephera kwenikweni ndiko kulandira ndalama, kugula katundu, kujambulitsa pa tsiku la mwambo, ndi kusabwereranso kukaona. Ndalama ya thandizo ili ndi eni ake: ngati ndi mphatso, inachokera ku msonkho wa anthu a dziko lina, ndipo ngati ndi ngongole, odzabweza ndinu ana inu mukadzakula.

Zoti muchite m'kalasi

Aphunzitsi, sabata ino tengani ana ku dimba la sukulu. Pangani mizere 10 yofanana, ndipo mubzalemo nyemba za mtundu umodzi pa tsiku limodzi. Lembani manambala a mizereyo pa timapepala, muike m'chipewa, mwana mmodzi atole timapepala 5 atatsinzina. Mizere yotoledwayo ndiyo ilandire manyowa. Musanathire, ana alembe m'makope mwawo chimene adzayeze, kaya kutalika kwa mbeu, kaya kuchuluka kwa nyemba pokolola, ndipo asadzasinthe pambuyo pake. Lachisanu lililonse ayeze ndi rula, nalembe kadontho pa pepala lopachikidwa pakhoma.

Ana a magiredi apamwamba afunse agogo kapena munthu wina wamkulu wa m'komboni mwawo mafunso awa: Kodi pompi yoyamba inafika liti kuno? Anaika ndani? Inatulutsa madzi zaka zingati? Itaonongeka anakonza ndani? Mayankho ake muwalembe bwino ndi kuwasunga m'kabati ya sukulu, pakuti ana amene adzakhale pa mabenchi anuwo zaka 10 zikubwerazi adzawafuna poyerekeza ndi za m'masiku awo.

Tsalani bwino ana inu, ndi inu aphunzitsi. Tidzakumananso sabata yamawa pa nthawi yomweyi.